Kope Linkayenda, Atate Ali Chikhalire

Ndikukumbukira kuti linali Lolemba lachiwiri la mwezi wa Febuluwale, chifukwa ndinalilemba m'kabuku kanga ka zakukhosi, ndipo kabukuko ndikadali nako. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinakhala pakhonde la nyumba yathu ku Nabvutika, yunifolomu ndisanavule, kope la kuchipatala lili pamaondo. Mvula inali itangokata ndipo madzi ofiira ankathamanga m'ngalande ya kumaso kwa nyumba. M'kati wailesi ya Atate inkalankhula yokha. Ndinatafuna chivindikiro cha bolopeni mpaka chinang'aluka, kenaka ndinachonga m'kopemo kuti Atate ayenda. Tsiku lonselo Atate anali asanadzuke pampando.

Atate anali munthu wa njinga. Ankanyamula chimanga, makala, nthawi zina anthu, kuchokera ku Chiparamba mpaka m'tauni, ndipo akatumba a miyendo yawo anali ngati miyala ya kumtsinje. Sitiroko inawagwira mu Okutobala wa chaka chapitacho, akupopa tayala pakhomo. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono. Potuluka m'chipatala anatitumiza kwa mayi wa mafizo, uja wophunzitsa odwala kuyendanso. Anali wamfupi, woseka mokweza. Ndiye anatipatsa kope lija.

"Tsiku lililonse aimirire," anatero. "Aponde ndi mwendo wodwalawu, ayendeko, akhaleko padzuwa. Mukachita, chongani umu. Ndani amakhala nawo masana?"

Amama anandiloza. Iwo ankagulitsa tomato ndi repu pamsika, kuchoka mbandakucha, kubwera dzuwa litalowa. Akulu anga awiri anali atakwatiwa kutali. Ntchito inali yanga, ndipo ndinkaikonda. Ndikaweruka ndinkalowetsa phewa langa kukhwapa kwawo kwakumanzere, dzanja langa n'kugwira lamba m'chiuno mwawo, ndiye tinkanyamuka. Malaya awo ankanunkhabe girisi ngakhale titawachapa kangati. Atate anasandutsa bwalo lathu msewu. Chitseko chinali Chiparamba, mtengo wa gwafa unali tauni, ine ndinali kondakitala.

"Kondakitala, tafika pati?"

"Tikadali kumunda, Atate."

"Aa, njinga ya masiku ano!"

Pofika mu Januwale tinkafika m'tauni, masitepe khumi ndi anayi. Mmisiri wina anawasemera ndodo. Ankaigwira ndi dzanja lamanja, koma popanda ine kumanzere kwawo sankayerekeza kusuntha phazi.

Kenaka ndinakula. Loweruka lotsatira azakhali a Tereza, mlongo wawo wamkulu wa Atate, anabwera kuchokera ku Madzimoyo ndi amayi awiri a kutchalitchi kudzandilangiza. Amama sanalowe, pakuti mayi salangiza mwana wake. Anandikhazika pamphasa, miyendo yotambasula, maso pansi. Ananena zambiri, zina zabwino zomwe ndimasungabe. Koma mawu amene anandilowa ngati munga anali a azakhali.

"Kuyambira lero chipinda cha atate ako suchidziwa. Thupi la atate ako sulikhudza. Ukawapatsa madzi, gwada, ika pansi, bwerera. Wamva?"

Ndinawomba m'manja. Funso linali pakhosi penipeni: nanga kuyenda? Koma namwali polangizidwa sadzutsa mutu, ndiponso ine ndinali mwana uja amene m'kalasi amadziwa yankho n'kumayang'ana desiki mpaka aphunzitsi atafunsa wina. Azakhali sankadziwa kuti wogwira Atate ndine. Anabwerera ku Madzimoyo tsiku lomwelo.

Lolemba lija nditaweruka ndinakaima pachitseko cha chipinda chawo. Chifukwa cha mvula mpando wawo unali m'katimo, pafupi ndi bedi. Atate anali atauzidwa kale, monga mwa mwambo. Atandiona anatukula dzanja lamanja monga ankachitira kuti ndiwadzutse, kenaka analitsitsira pa wailesi ngati ndiko linkapita.

"Lero njinga yaphwa, mayi," anatero, osandiyang'ana. Sanati kondakitala. "Ingochonga, amayi ako asadandaule."

Ndiko kuchonga kumene ndayamba nako. Mawa lake anati kukuzizira. Mkuja wake anati mutu. Pakutha pa sabata sitinkafunanso chifukwa. Ndinkangoima pachitseko, iwo n'kugwedeza mutu, ine n'kupita pakhonde.

Ndinali mwana wosamala, ndipo bodza langa ndinkalisamalanso. Masiku ena ndinkasiya osachonga kuti kope lioneke loona. Ndinkasintha bolopeni, lero yabuluu, sabata yamawa yakuda. Madzulo Amama ankatula beseni, kusamba m'manja, n'kutsegula kopelo. Sankawerenga kwambiri koma pochongedwa ankapaona. "Mulungu ndi wabwino," ankatero. Ine ndinkatenga kabuku kanga ka zakukhosi n'kulemba mzere umodzi: Lero Atate sanayende. Ndachonga.

Mtendere unandichokera. Kusukulu ndinkawerenga masitepe kuchokera pakalasi mpaka pampopi, ndikafika khumi ndi anayi mtima n'kuti phaa. Poweruka ndinkadzera njira yaitali ya kuseri kwa chigayo kuti ndichedwe, ndikachedwa n'kuyamba kuthamanga poopa kuti Atate akufuna madzi. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuimirira. Ndikaimirira sindinkadziwa kopita, ndiye ndinkasesa bwalo losesa kale. Kawiri ndinakalapa kwa ansembe kuti ndanama. Sanandifunse bodza lake, ndipo ine sindinalitchule.

Mvula itatha mpando sunatuluke. Atate sankafuna kukhala panja chifukwa anzawo a njinga ankadutsa pamsewu akuliza mabelu, n'kumakuwa mwachikondi kuti, "Akulu, mudzuka liti? Msewu wakusowani!" Ankati bola m'nyumba. Kuchimbudzi ankawathandiza Amama m'mawa ndi madzulo, masana ankagwiritsa ntchito chitini chomwe chinkakhala pansi pa mpando. Lamulungu Amama akati awayendetse okha, Atate ankaseka. "Ngakhale Mulungu anapuma lero. Mwanayu wandithamangitsa sabata yonse." Khungu lawo linayamba kutuwa. Mwendo wakumanzere unaonda mpaka buluku linkangolendewera ngati lapachikidwa pampini.

Titapita kuchipatala, mayi wa mafizo anatsegula masamba a kope, n'kutsina ntchafu ya Atate, n'kuyang'ananso masamba aja.

"Kope likuyenda bwino," anatero. "Mwendo ndiwo ukutsalira. Mukutsimikiza kuti akuponda nawo?"

"Tsiku lililonse," anayankha Atate msangamsanga.

Mayiyo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zake. Ndimazikumbukira mpaka lero, zoyera, chingwe chimodzi chakuda. Ulendo wa kuchipatala ndi munthu wosayenda unali wovuta, ndipo pang'onopang'ono tinayamba kudumpha miyezi.

Chaka ndi theka chinapita choncho. Masana ena a mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala, ndinali kutsuka mbale kuseri. Ndinamva kuti thyo, ngati munthu waponda phesi louma. Wailesi inakhala chete. Nditathamangira kuchitseko, batire imodzi inagubuduka n'kudzaima pa chala changa. Atate anali pansi pakati pa mpando ndi bedi, atagonera kumanzere, thukuta lili kamukamu. Ankafuna kusuntha wailesi, n'kutsetsereka. Mpandowo sunkapitirira bondo langa kutalika.

Zala zanga za kuphazi zinali pamzere wa chitseko.

"Usalowe," anatero ndi mano oluma. "Itana anthu."

Ndinaitana anthu. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene sindinathe kulemba m'kabuku kanga tsikulo. Tsamba lake ndi loyera.

Kuchipatala anajambula chiuno. Dokotala, bambo wa magalasi wolankhula mofatsa, anationetsa chithunzicho ine ndi Amama. Fupa la kumanja linali loyera ngati choko. La kumanzere linali lotuwa, ngati utsi, ndipo pamwamba pake panali pothyoka.

"Kugwa pampando kokha?" anafunsa Amama. "Munthu uyu anagwapo ndi njinga pamtsetse atanyamula matumba atatu a chimanga, n'kudzuka, n'kukwezanso yekha."

"Fupa limalimba ndi ntchito, mayi," anatero dokotala. "Sitiroko ikafooketsa mbali imodzi, fupa la mbali imeneyo limasiya kunyamula thupi, ndiye limayamba kudyeka m'kati. Silipweteka, silitupa. Munthu akamasowanso dzuwa zimawonjezera. Tsiku lina kugwa kwakung'ono n'kokwanira."

Amama anayang'anitsitsa chithunzicho. "Ndiye kuti lafumbwa."

"Mwanena bwino kuposa ine."

"Koma amayenda, adokotala. Tsiku lililonse. Dailesi, bwera nalo kope."

Ankauza ine, koma kopelo linali m'chikwama chawo. Analitulutsa okha, n'kulitambasula patebulo ndi manja awo onunkhira masamba a tomato, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba monyadira. Ndinafuna kuti dokotala aone. Ndinapemphera kuti aone, andikalipire pamaso pa wodi yonse, zithe. Iye anangogwedeza mutu.

"Mwayesetsa. Nthawi zina zimachitika ngakhale munthu akuyendako." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Wachita bwino, mtsikana."

Sindinamvepo mawu olemera ngati amenewo. Ndinatuluka panja n'kuzungulira wodi katatu, osadziwa chimene ndikufuna.

Anawachita opaleshoni n'kuika chitsulo m'chiuno. Tsiku lotuluka mayi wa mafizo sanaseke. Anatipatsa kope latsopano, lachikuto chobiriwira.

"Tsopano ndiye nkhondo," anatero. "Akapanda kuimirira miyezi ino, sadzadzukanso. Ndipo fupa lotsatira likhoza kukhala la msana kapena la dzanja. Ndikunena poyera kuti mumve."

Azakhali a Tereza anabwera kudzadwazika. Iwo analibe zonyengerera. Ankamukoka mlongo wawo ngati thumba la feteleza, akumunena kuti ndi waulesi chibadwire, ndipo Atate ankaimirira chifukwa kukana kunali kotopetsa kuposa kuimirira. Kwa milungu ingapo kope lobiriwira linanena zoona. Koma mu Novembala mitambo inayamba kusonkhana kumapiri, ndipo munda wa azakhali ku Madzimoyo unkadikira.

Tsiku lomaliza asanapite tinakhala pansi pa gwafa, masana, tikuswa nshawa zambewu. Anatenga kope lobiriwira n'kuliika pamwendo panga.

"Mawa ndikupita. Ntchito ibwerere kwa mwini wake. Amayi ako akuti ndiwe katswiri."

Ndinaswa nshawa zitatu. Ndinadzuka, kulowa m'nyumba, kutuluka, kulowanso. Kachitatu ndinabwera ndi kabuku kanga ka zakukhosi n'kuwapatsira ndi manja awiri, chifukwa pakamwa panga sipakanatha.

"N'chiyani ichi? Kalata ya mwamuna?" Anakatalikitsa, kukayandikitsa. "Maso anga saona tinyerere timeneti. Werenga."

"Azakhali..."

"Werenga, ndili ndi nshawa zoti ndimalize."

Ndinawerenga. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa giredi wani. Lero Atate sanayende. Ndachonga. Ndinatsegula tsamba lina. Lero Atate sanayende. Ndachonga.

"Dumpha."

"Zonse ndi zomwezo, Azakhali."

Manja awo anaima m'lichero. "Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene munabwera ndi amayi a kutchalitchi."

"Chifukwa?"

"Munati thupi la Atate sindilikhudza. Wowagwira poyenda ndinali ine."

Nshawa imene inali pakati pa zala zawo inaphwanyika yonse, khoko ndi mbewu yomwe.

"Yesu Mariya," anatero chapansipansi. Kenaka mokweza: "Iwe mwana, pakamwa unapasiya kuti tsiku lija?"

"Munati namwali sayankha."

Anaseka kuseka koipa, n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinatero, eti? Ndinaterodi. Ife timanena za bambo woyenda ndi miyendo yake iwiri. Mawu amenewo anandiuza ine azakhali anga, ine n'kukutulira iwe momwemo ngati mtolo wa nkhuni, osayang'ana n'komwe kuti pakhomo pano pagona ndani."

Anadzuka, makoko akugwa pansalu, n'kulunjika kuchipinda. Ine ndinatsatira mpaka pachitseko.

"Iwe Gabiriyele! Mwana ndi mwana, nanga iwe? Chaka ndi theka uli chikhalire ngati dzungu, n'kumauza mwana kuti achonge?"

Atate sanakane. Anayang'ana dzanja lawo lodwala. "Ndikanatani, alongo? Ndimuuze mtsikana wamkulu kuti bwera undigwire m'chiuno? Anthu akanati chiyani?"

"Anthu ake ati? Si omwewo anabwera kudzakutola pansi? Anati chiyani, anakuombera m'manja kuti wasunga mwambo?"

"Ndinkamusungira ulemu wake."

"Iye n'kumakusungira wako. Mwasungirana mpaka fupa lathyoka."

Ndinkayembekeza kuti anena kuti mwambowo watha, koma azakhali sanali munthu wotaya zimene anapatsidwa. Anaima pakati pa chipinda, manja m'chiuno, akuyang'ana ine, akuyang'ana Atate, ngati munthu wofuna powolokera mtsinje. Kenaka anayamba kulamula. Mpando utuluke, uzikhala pabalaza masana onse, kuti ine ndisamalowe kuchipinda. Anawakhazika Atate pabedi, kutulutsa mpando, kubwerera kudzawatenga. Atawakhazika pabalaza anamasula chitenje chawo chapamwamba, kupinda chitenjecho m'litali kanayi, kuchizunguliza m'chiuno mwa Atate n'kumanga mfundo yolimba kumbuyo.

"Bwera. Gwira apa, manja onse awiri."

Ndinazengereza.

"Gwira! Nsalu si atate ako."

Ndinagwira. Atate anatenga ndodo, kupuma kawiri, n'kudzuka. Kulemera kwawo kunabwera m'manja mwanga kudzera m'nsalu, ndipo ndinadzidzimuka ndi kupepuka kwake. Munthu amene kale ankandipinda phewa tsopano ndinkatha kumugwira ndi zala. Tinayenda masitepe atatu. Palibe anayang'ana mnzake. Atakhala pansi, Atate ankapuma ngati akwera phiri.

"Mukapita kuchipatala mukamuonetse mayi uja mmene tamangira, akakonze ngati talakwitsa," anatero azakhali akubwerera ku nshawa zawo. "Koma nsalu siyankhula, Dailesi. Ine ndikakwera basi, uyu adzati watopa. Ndimamudziwa, ndinamubereka kumsana. Udzati chiyani?"

Ndinatola khoko la nshawa n'kumalizunguza m'zala.

"Ndiye zako zimenezo. Ine pakamwa panga ndikupita napo ku Madzimoyo."

Amama atabwera, azakhali anawauza zonse ine ndili pomwepo. Amama anakhala pansi beseni lili pamwendo. Sanandimenye, sanakuwe. Anati ankayesa kuti Atate akuyenda ndi ndodo, ine n'kumangowerenga. Kenaka anati, "Mwendo ndinkauona kuti ukuonda. Koma ndinkabwera nditatopa, ndipo kope linkandiuza zimene ndinkafuna kumva." Anagwira pakamwa. "Ndipo ine n'kukalionetsa kwa adokotala."

Papita zaka zambiri. Atate anayendanso, ndi ndodo, motsimphina, mpaka pagwafa ndipo pambuyo pake mpaka pamsewu, kumene ankakhala padzuwa n'kumanyoza matayala a anzawo. Njinga sanakwerenso. Nthawi ina ndinalimba mtima n'kufunsa mayi wa mafizo ngati fupa lija likanathyoka Atate akanamayenda miyezi yonse ija. Anandiyankha kuti palibe angadziwe, sitiroko payokha imafooketsa mafupa, koma kukhala pansi kunathandizira. Sanandichotsere mlandu ndipo sanandiwonjezere. Ndimakhala nazo choncho.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti m'nyumba mwathu munalibe munthu wouma mtima. Aliyense ankateteza mnzake, ndipo fupa linkadyeka m'kati mwa chitetezo chimenecho, mwakachetechete, monga mmene ife tinalili chete. Mwambo sindiuda. Unangosowa munthu mmodzi woufunsa funso. N'chifukwa chake lero, ngakhale manyazi sanandithere, ndikamva kuti kwa aneba kuli wodwala sitiroko sindimalekera pofunsa ngati akudya. Ndimafunsa kuti amamuimiritsa ndani, kangati, ndipo amamugwira pati. Nthawi zina anthu amayang'anana, ndipo ndimadziwa kuti ndafika pamalo pake.

Koma madzulo a tsiku lija zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, azakhali ankalongedza nshawa m'thumba, ndipo funso lawo linkandiyendetsa uku ndi uku pabwalo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuyesa mawu awiri kwa khoma. Koyamba sanamveke. Kachiwiri nkhuku inatembenuka. Kusanade ndinakhala pakhonde n'kulemba izi, zomwe ndakopera monga zilili:

"Azakhali akupita mawa m'mawa. Andisiyira chitenje chawo. Ndikaweruka sindidzadzera kuchigayo. Atate adzanena kuti atopa, ndipo mwina adzakhala atatopadi. Sindidzanena kuti chabwino. Ndidzagwada kaye, chifukwa ndi atate anga. Kenaka ndidzamanga nsalu, n'kunena mokweza kuti amve: Atate, imirirani."